TAYALA LABWINO: KUTSOGOLO KAPENA KUMBUYO?

Pa Ulongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo, pamadutsa mseu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Dera limeneli lidali m'boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe, kufikira m'chaka cha 1998 pamene Balaka adakhala boma payekha. M'mbali mwa mseuwu muli amisiri omata matayala, ndipo mwini galimoto akafika kwa iwo ndi matayala awiri okha atsopano, pakuti ndalama sizidakwane kugula onse anayi, funso limakhala limodzi: kodi aikidwe kutsogolo kapena kumbuyo? Ambiri amayankha msanga kuti kutsogolo, popeza ndiko kuli chiongolero ndi injini. Yankho limeneli liri ndi mbiri yake, ndipo wodziwa mbiriyo ndiye angazindikire pamene liri loona ndi pamene lingathe kuphetsa anthu.

Kale katundu wopita ku nyanja ankayenda pa sitima za pamadzi mu mtsinje wa Shire, kudutsa pa nyanja ya Malombe mpaka ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Koma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 madzi adayamba kuchepa, ndipo kuyambira cha mu 1915 panapita zaka pafupifupi 20 nyanja isakutsanulira madzi ake mu Shire. Sitima zitalephera, katundu adatembenukira ku mtunda. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 anthu a tengatenga adasenza akatundu a asilikali pamutu, ndipo malole nawo adayamba kuyenda kuchokera kumene njanji idalekezera, kudzera ku Zomba, kupita ku Fort Johnston. Malole akuluakulu ambiri a nthawi imeneyo adali ndi matayala a mphira yolimba, opanda mpweya m'kati. Ankayenda pang'onopang'ono, akugwedezeka, ndipo tayala lotere silinkaphulika.

Tayala la mpweya lidali litadziwika kale ku Ulaya. M'chaka cha 1844 Charles Goodyear wa ku America adalembetsa njira yophika mphira pamodzi ndi sulufule kuti isamate potentha kapena kuuma pozizira. Mu 1845 Robert William Thomson wa ku Scotland adalembetsa tayala lopopa, koma anthu sadalilabadire. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa mumzinda wa Belfast, adalipanganso poikira njinga ya mwana wake ya magudumu atatu. Pambuyo pake abale awiri a banja la Michelin ku France adapanga mu 1891 tayala la njinga lotheka kulichotsa ndi kulimata, ndipo mu 1895 adaika matayala a mpweya pa galimoto ya mpikisano. Kufunika kwa mphira kudakula pa dziko lonse, ndipo ngakhale kuno idadzalidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay.

Anthu a m'midzi ya Kalembo adalidziwa tayala la mpweya pa njinga ya kapalasa asadalidziwe pa galimoto. Amuna obwera ku Joni ndi ku Southern Rhodesia ankabwera nazo njingazo monga chizindikiro chakuti adakagwira ntchito. Pa njinga, tayala la kumbuyo ndilo limatha msanga, chifukwa ndilo limasenza munthu ndi thumba la chimanga, ndiponso ndilo limakankha. Komabe likaphulika, wopalasa kawirikawiri amatha kuima. La kutsogolo likaphulika pamtsetse, chiongolero chimapotoka ndipo munthu amagwa chamutu. Kotero nzeru yakuti tayala labwino likhale kutsogolo idabadwa m'zipsera za pa mawondo ndi pa zigongono.

Oyendetsa malole ndi mabasi adaphunzira phunziro lomwelo. Galimoto zazikulu ziri ndi matayala awiriawiri mbali iriyonse kumbuyo, koma limodzi lokha kutsogolo. M'kati mwake munkakhala chubu, ndipo chubu chikabooka mpweya unkatha nthawi yomweyo. La kumbuyo likaphulika, linzake linkagwira. La kutsogolo likaphulika, chiongolero chinkatsomphoka m'manja ndipo lole inkalowa kutchire. Lamulo la madalaivala akalewo lidali la nzeru, ndipo pa malole ndi mabasi akuluakulu likadali loona mpaka lero. N'chifukwa chake matayala okutidwanso mphira yatsopano pamwamba amayenera kumbuyo, osati ku chiongolero.

Koma galimoto yaing'ono idasintha, pamene mwambo udakhala momwemo. Mu 1946 kampani ya Michelin idalembetsa tayala la mtundu wa radial, lokhala ndi lamba wa mawaya m'kati, limene limagwira mseu bwino ndi kukhalitsa. Mu 1947 kampani ya B. F. Goodrich ku America idalengeza tayala lopanda chubu, lomwe likabayidwa ndi msomali limaphwa pang'onopang'ono m'malo mophulika. Kusintha kwina kudali kwa kayendedwe. Galimoto zakale zinkakankhidwa ndi magudumu a kumbuyo, koma Citroën mu 1934 ndi Mini mu 1959 zidasonyeza kuti galimoto ingakokedwe ndi magudumu a kutsogolo, ndipo mu 1983 Toyota Corolla nayo idatsata njirayo. Galimoto zambiri zazing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zimene zidadzaza miseu ya Malawi kuyambira cha m'ma 2000, ndi za mtundu umenewu. Matayala ake a kutsogolo amakoka, amakhota, amasenza injini ndiponso amagwira gawo lalikulu la mabuleki. Motero ndiwo amatha msanga, ndipo mwini wake amaganiza kuti atsopano apite komweko.

Chimene amaiwala ndi madzi. Pa mseu wa fumbi, galimoto zinkayenda mwa ulemu, koma pa phula zimathamanga, ndipo m'nyengo ya dzinja madzi amayala pamwamba pa phulalo. Mano a tayala, ndiye kuti tingalande tija tokumbidwa pa mphira, ntchito yake ndi kutaya madzi kumbali kuti mphira ikhudze pansi. Mano akafupika, madzi amalowa pansi pa tayala ndipo galimoto imayandama. Akayamba kuterereka ndi a kutsogolo, galimoto imafuna kupitirira chamtsogolo pokhota. Dalaivala amamva kupepuka kwa chiongolero, amachepetsa moto, ndipo kawirikawiri matayala amagwiranso. Akayamba kuterereka ndi a kumbuyo, chiongolero sichichenjeza kanthu. Mbuyo ya galimoto imangopatukira kumbali, galimoto imazungulira ndi kupita cham'mbali kwa amene akubwera kutsogolo kapena kwa oyenda pansi, ndipo madalaivala odziwa kuibweza ndi owerengeka.

Pa chifukwa chimenechi opanga matayala, monga Michelin ndi Goodyear, amalangiza kuti pamene atsopano ali awiri okha aikidwe kumbuyo, kaya galimotoyo imakokedwa ndi magudumu a kutsogolo kaya imakankhidwa ndi a kumbuyo. Malangizowa amakhudzanso maminibasi ndi galimoto za matola, zimene ziri ndi tayala limodzi mbali iriyonse kumbuyo ndipo zimasenza anthu ndi katundu komweko. Izi sizitanthauza kuti kutsogolo kuikidwe chigamba chirichonse. Tayala lakutha limatalikitsa mtunda woimira galimoto. M'tingalande ta tayala muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato, tayalalo latha ntchito, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Njira yopewera mkangano wonsewu ndiyo kusinthanitsa matayala asadasiyane kwambiri. Opanga ambiri amati zichitike pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse. Kuchokera ku Liwonde kufika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 75. Galimoto yopita ndi kubwerako kamodzi pa tsiku imakwanitsa makilomita 9,000 m'masiku 60, ndiye kuti miyezi iwiri yokha. Pa galimoto yokokedwa kutsogolo, a kutsogolo amapita kumbuyo mbali yawo yomweyo, ndipo a kumbuyo amabwera kutsogolo mopingasa, la kumanzere kupita kumanja. Pa yokankhidwa kumbuyo, a kumbuyo amabwera kutsogolo molunjika, a kutsogolo ndiwo amapingasa. Pamene matayala a radial adali achilendo, amakaniko ankaletsa kuwaolotsa mbali, koma chiletsocho chidatha. Osaloledwa kuoloka ndi okhawo okhala ndi muvi m'mbali wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira. Matayala osinthanitsidwa chotere amathera pamodzi, ndipo palibe mbali imene imakhala yofooka kuposa inzake.

Pochotsa matayala, mmisiri wanzeru amawerenganso kathedwe kake. Lodyeka m'mbali zonse ziwiri linkayenda ndi mpweya wochepa. Lodyeka pakati lidapopedwa mopitirira. Lodyeka mbali imodzi likunena kuti magudumu adapotoka, mwina chifukwa cha maenje, ndipo kusinthanitsa kokha sikungachize nthendayo. Wogula matayala a kaunjika ayeneranso kuyang'ana msinkhu wake. Kuyambira m'chaka cha 2000, m'mbali mwa tayala mumalembedwa manambala anayi: 2315 atanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2015. Mphira imakalamba ngakhale mano alipo, ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Balaka kumaifulumizitsa kung'aluka.

Akale adati safunsa adadya phula. Wopalasa kabaza amene amaika tayala labwino kutsogolo sakulakwa, ndipo woyendetsa lole amene amachita chimodzimodzi akutsata nzeru yoyesedwa kwa zaka zambiri. Wolakwa ndi amene amatenga lamulo la njinga ndi la lole n'kuliika pa galimoto yaing'ono kapena minibasi yothamanga pa phula lonyowa. Mvula ikagwa pa Ulongwe, m'mbali mwa mseu mumakhala amayi ogulitsa malonda, ana obwera ku sukulu ndi njinga zonyamula makala. Moyo wa anthu amenewo umadalira kuti mbuyo ya galimoto iriyonse yodutsapo igwire pansi.