"Egregious": nkhosa yosiyana ndi zinzake

Mawu a Chingerezi akuti "egregious" anabadwira kubusa. Gwero lake ndi Chilatini: "e" ndiko kutuluka, pomwe "grex" ndi gulu la ziweto. Mbusa akamwaza maso pa nkhosa zake, pamakhala imodzi yonenepa, ya ubweya wosalala, imene diso limayamba kugwerapo. Chithunzi chimenechi ndicho chili m'mawu akuti "egregius", amene Aroma ankatamanda nawo msilikali wolimba mtima kapena munthu wanzeru zakuya.

Polowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, mawuwa anali oyamikira ndithu. Koma posakhalitsa anthu anayamba kunyodola nawo, monga ponena wabodza woposa abodza onse, ndipo tanthauzo loipalo ndi limene linamera mizu.

Lero woweruza milandu akati cholakwa ndi "egregious", akutanthauza kuti n'choipitsitsa, choonekeratu kwa aliyense. Choncho samalani polemba: munthu wochita bwino modabwitsa mumutche "outstanding" kapena "remarkable". M'khola lomwe lija la "grex" munatulukanso "congregation", mpingo wosonkhana pamodzi, ndi "segregate", kupatula ena pagulu.