Maola atatu pa Likoma

Msuweni wanga amagwira ntchito yokonza zipinda m'sitima ina yaikulu ya alendo ku Ulaya. Mwezi watha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: tinyumba toyera mbee tili ndandanda pamwamba pa phompho, m'munsi mwake nyanja. "Asuweni, kuno ndi ku Santorini," anatero.

Santorini ndi chilumba cha ku Greece. Pafupifupi zaka 3,600 zapitazo phiri la pamenepo linaphulika, pakati pake n'kutitimira, nyanja n'kudzazamo. Sitima za alendozo zimaima m'chidzenje chomwecho. Phulusa la phirilo linakwirira tauni yonse ya Akrotiri, imene akatswiri anayamba kuifukula mu 1967. Ndinamufunsa msuweniyo ngati alendo ake amakafika ku mabwinjako. Iye anati ambiri ayi: amatsika pa timaboti, kukwera mtunda, kujambulitsa, kugula tizinthu, basi nthawi yakwana.

Ndinayamba kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Nanenso ndinachitapo zomwezo, kwathu konkuno, pa Likoma.

Ndinakwera Ilala ku Monkey Bay ndikupita ku Nkhata Bay, mwana wa kwa Changata amene madzi aakulu ankawadziwa ndi a mtsinje wa Ruo. Sitimayi ndi gogo. Anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Dzina inatengera Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanja mu 1875 anthu mazanamazana ataisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire. Mayina a osenzawo musandifunse. Mabuku a kusukulu anasunga la sitima.

Titafika pa Likoma sitima inaima patali ndi gombe, monganso zija za msuweni. Tinatsikira m'maboti, pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku. Anatiuza kuti kutsitsa katundu kutenga maola atatu kapena kupitirira pang'ono. Ine ulendo, wa ku tchalitchi.

Anzanga, tchalitchi cha St Peter musamangochimva. Pa chilumba cha miyala ndi milambe, mwadzidzidzi pali chinyumba chotalika ngati bwalo la mpira. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pachilumbachi m'ma 1880, chifukwa kumtunda kunali nkhondo ndi malonda a akapolo. Mwala wa maziko anauika mu 1903, ndipo tchalitchicho anachipatula mu 1911. Amishoni omwewo ndiwo anachititsa kuti Likoma ndi Chizumulu zikhale za Malawi: pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kuvuma linapita kwa Apwitikizi koma zilumba ziwirizi zinatsalira Angerezi. N'chifukwa chake ukaima pa Likoma mapiri ukuwaona pafupi apowo ndi a Mozambique.

Zonsezi ndinali nditawerenga kale. Ndinajambula nsanja, mawindo, mipando yosema. Ndinadzijambulanso ndekha, kangapo.

Potuluka ndinapeza bambo wina wachikulire akusesa. Nditawapatsa moni anandifunsa kwathu, kenako anati, "Nanga mwana wanga, malo mwaimapowa mukuwadziwa dzina lake?"

"Si pa St Peter, bambo?"

"Pano ndi pa Chipyela."

Chipyela, malo opsererapo. Apa ndi pamene anthu oganiziridwa ufiti ankawotchedwa, ndipo amishoni anasankha dala kumanga pomwepo. Bambowo sanawonjezere zambiri, anapitiriza kusesa. Ine ndinangoti kakasi, foni ili m'manja. Ndinali nditazungulira nyumba yonse osadziwa kuti ndikuponda pamene panathera anthu, mwina agogo a ena mwa omwe ndinakwera nawo boti. Ndipo nkhaniyi si yakalekale ngati ya Akrotiri. Mpaka lero timamva pawailesi kuti nkhalamba yaphedwa m'mudzi wakutiwakuti poiganizira ufiti.

Pali zinanso zimene mlendo wa maola atatu sangazione. Miyala ija anaphwanya ndi kusenza ndi anthu a pachilumba pomwepo, amuna ndi akazi. Mbiri imatchula kwambiri William Percival Johnson ndi Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Koma ntchito ya m'midzi ya m'mbali mwa nyanja inali m'manja mwa anthu ngati Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kudzakhala wansembe ku Msumba, ndi Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anakamwalira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913. Mwa zithunzi zanga zonse, palibe chimene chikanandiuza mayina amenewa.

Chimene chinandipweteka n'chakuti khalidwe limeneli ndimalidziwa bwino, ndipo ndimadana nalo. Kwathu ku Thyolo alendo amaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu kujambula minda ya tiyi. N'zoona, ndi yokongola, yobiriwira ngati aiyala. Amajambulanso amayi othyola tiyi, madengu kumsana, kawirikawiri osapempha. Sadziwa za thangata, kuti makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala pogwira ntchito m'minda ya azungu. Sadziwa kuti mu 1953 anthu a boma lino anaukira, ena n'kuphedwa ndi mfuti. Agogo anga akamatchula mawu akuti thangata ankatsitsa mawu, ngati kapitawo akadali kuseri kwa nyumba. Mlendo amaona zobiriwira zokha, n'kukwera galimoto.

Ndinabwerera kwa bambo aja kuti ndifunse zambiri: ankawotchedwa ndani, mabanja awo alipo, anthu amakambabe? Ndisanamalize funso loyamba, Ilala inaliza lipenga kunyanja.

"Thamangani mwana wanga, ikusiyani," anatero. "Ikachoka lero, ya ku Nkhata Bay mudikira sabata yamawa."

Ndinathamanga. M'boti ndinakhala pa thumba la usipa, mapazi ali m'madzi, ndikusankha chithunzi choti ndiike pa Facebook.