Haji Wofiira wa pa Chilumba cha Java

Dziko la zilumba

Indonesia ndi dziko la zilumba zambirimbiri, ndipo anthu ake ambiri ndi Asilamu. Kale ankalamulidwa ndi atsamunda ochokera ku Netherlands. Alimi ankakhetsa thukuta m'minda ya nzimbe, koma phindu linkapita kwa eni makampani.

Bungwe la Asilamu

Mu 1912, bungwe la Sarekat Islam linakhazikika pansi pa utsogoleri wa Tjokroaminoto. Oliyambitsa anali amalonda a nsalu mumzinda wa Surakarta pa chilumba cha Java. Posakhalitsa alimi ndi antchito anakhamukirako.

Ena mwa iwo ankatsata maganizo a Karl Marx, akuti antchito agwirizane kuti olemera aleke kuwadyera masuku pamutu. Semaun, yemwe ankagwira ntchito ya njanji, ankatsogolera nthambi ya bungweli ku Semarang. Mu 1920 anakhalanso wapampando wa chipani cha chikomyunizimu.

Haji Misbach

Ku Surakarta kunali mlaliki dzina lake Haji Misbach, amene anakachita Haji ku Mecca. Iye ankaphunzitsa kuti Msilamu weniweni sangaonerere osauka akuponderezedwa. Kwa iye Chisilamu ndi chikomyunizimu zinali ndi mdani mmodzi. Anthu anamutcha Haji Wofiira, potengera mtundu wa mbendera ya akomyunizimu.

Kugawikana

Atsogoleri ena a Sarekat Islam, monga Agus Salim, sanagwirizane ndi maganizo amenewa. Iwo ankati chiphunzitso cha Marx chimakana Mulungu, ndipo Chisilamu pachokha chili kale ndi malamulo oteteza amphawi. Mu 1921, pamsonkhano wa ku Surabaya, anagwirizana kuti membala asakhale m'zipani ziwiri. Akomyunizimu anatuluka, ndipo bungwe lija linayamba kufooka.

Chaka chotsatira, mkomyunizimu wina wa ku Indonesia, Tan Malaka, anapempha akomyunizimu anzake ku Moscow kuti asadane ndi Asilamu olimbana ndi atsamunda.

Mkwiyo wa atsamunda

Mu 1924 boma linathamangitsira Haji Misbach ku Manokwari, kutali ndi kwawo. Anamwalira konko mu 1926.

Chaka chomwecho anthu a ku Banten anaukira boma, ndipo ena mwa owatsogolera anali aphunzitsi a chipembedzo. A kumadzulo kwa Sumatra anatsatira mu 1927. Atsamunda anamanga anthu pafupifupi 13,000, ena n'kuwatumiza kundende ya m'nkhalango ku Boven Digoel.

Mu 1926 momwemo, mnyamata wina amene anakhalapo m'nyumba ya Tjokroaminoto analemba nkhani yopempha Asilamu, otsatira Marx ndi omenyera ufulu wa dziko kuti agwirane manja. Mnyamatayo anali Sukarno, amene mu 1945 anakhala pulezidenti woyamba wa Indonesia.