Mapiritsi a Khansa ya M'mawere ndi Nkhani za Kuchipinda kwa Amayi Akuda a ku America

M'chaka cha 1896, dokotala wa ku Glasgow, George Beatson, anachotsa thumba la mazira mwa amayi odwala khansa ya m'mawere, ndipo mwa ena zotupa zinaphwa. Apo ndi pamene panayambira nzeru yolimbana ndi khansayi pofooketsa homoni ya estrogen. Tamoxifen, amene kampani ya ICI inapanga mu 1962 ikufuna mankhwala olera, anavomerezedwa ku America mu 1977, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunabwera anastrozole ndi letrozole. Amayi osawerengeka ali moyo lero chifukwa cha mapiritsiwa. Koma estrogen yemweyo ndiye amasunga chinyezi m'njira ya abambo, choncho mapiritsiwa akamufooketsa, amayi ambiri amauma, amamva kuwawa akakhala malo amodzi ndi amuna awo, chilakolako n'kuzilala.

Kwa amayi akuda, kusalankhula za vutoli kuli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1840, ku Montgomery, dokotala J. Marion Sims ankachita maopaleshoni kumaliseche kwa akapolo Anarcha, Betsey ndi Lucy popanda mankhwala oletsa ululu. Mu 1961, mayi wakuda Fannie Lou Hamer anachotsedwa chiberekero ku Mississippi osafunsidwa. Mpaka 1993, panalibe lamulo lokakamiza kuti kafukufuku wolipiridwa ndi bungwe la boma la zaumoyo la NIH aziphatikiza amayi ndi anthu akuda. Mayi amene agogo ake anaona zoterezi sangangofika m'chipinda cha dokotala n'kuyamba kuulula za kuchipinda kwake, makamaka dokotalayo akapanda kufunsa.

Ena anganene kuti moyo ndi wofunika kuposa za pamphasa, ndiye munthu apirire. Mawuwa amaiwala kuti mapiritsiwa amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 mpaka 10, ndipo mayi amene banja lake likugwedezeka amawasiya mwakachetechete, khansa n'kubwerera. Ena amati amayi akuda amafa kwambiri chifukwa amagwidwa kawirikawiri ndi khansa yamtundu wosamva mankhwala a mahomoni. Zimenezo n'zoona, koma sizifotokoza zonse: kusiyana kwa imfa pakati pa amayi akuda ndi achizungu, kumene lero kuli pafupifupi 40 peresenti, kunayamba kuonekera m'zaka za m'ma 1980, pamene tamoxifen ndi makina ounikira mawere zinkafalikira mosafanana. Ngakhale pa khansa yomva mahomoni, amayi akuda amafabe kwambiri kuposa achizungu, ndipo dokotala amene safunsa chimene chikupangitsa wodwala wake kusiya mapiritsi ali ndi gawo pa imfa zimenezo.