Mbiri ya Vipassana: Kucokera ku India Kufikira kwa Azungu

M'dziko la India, zaka zoposa 2,400 zapitazo, munali mphunzitsi wina dzina lace Gotama, amene anthu anamucha Buddha. Iye anaphunzitsa kuti zowawa za munthu zimacokera m'cikhumbo cosatha, naonetsa njira yakuweta mtima. Njirayo dzina lace ndi Vipassana, ndiko kunena kuona zinthu monga momwe ziliri. Wophunzira amakhala pansi cete, nayang'anira mpweya wace polowa ndi poturuka. Pambuyo pace amazindikira zonse zimene thupi likumva, zokoma ndi zowawa zomwe, osazikhumbira, osazida.

Poyamba mau a Buddha sanalembedwe ai. Amonke anawasunga pamtima. Patapita zaka mazana angapo analembedwa pa masamba a migwalangwa pa cilumba ca Ceylon, cimene lero ndi Sri Lanka. Koma kwao ku India ciphunzitsoco cinazirala pang'ono pang'ono, ndipo ca m'ma 1200 sukulu yaikuru ya Nalanda inapasulidwa ndi nkhondo. Mwai wace mbeu inali itafesedwa kale m'maiko ena, ndipo limodzi la maikowo ndilo Burma, limene tsopano lichedwa Myanmar.

Kumeneko Mfumu Mindon inalembetsa mau onsewo pa miyala yoyera 729 mu mzinda wa Mandalay. Koma m'caka ca 1885 Angerezi analanda mzindawo, nacotsa Mfumu Thibaw pa mpando. Anthu anada nkhawa, pakuti mfumu ndiyo inali mtetezi wa cipembedzo. Pamenepo mmonke wina wanzeru, Ledi Sayadaw, anaona kuti cuma cosungidwa ndi anthu owerengeka sicicedwa kutayika. Motero analemba mabuku m'cinenero capafupi, nayamba kuphunzitsa anthu wamba zimene kale zinali za amonke.

Mmodzi wa ophunzira ace anali mlimi, Saya Thetgyi, amene anafunafuna mtendere ana ace atafa ndi mliri wa kolera. Mlimiyo anaphunzitsa U Ba Khin, amene anakhala mkuru woyang'anira mabuku a ndalama za Boma pamene Burma anayamba kudzilamulira mu 1948. Iyeyu anatsegula nyumba yophunziriramo mu 1952 ku Rangoon, kumene lero akuti Yangon.

Ku nyumbayo kunafika Mmwenye wamalonda wobadwira ku Mandalay, S. N. Goenka, amene mutu unali kumsautsa koopsa. U Ba Khin anamuuza kuti Vipassana si mankhwala a mutu, koma nchito yakuyeretsa mtima. Goenka anabvomera, naphunzira zaka 14. Mu 1969 anapita ku India, nabwezera ciphunzitsoco kumene cinacokera. Mu 1976 anatsegula malo ochedwa Dhamma Giri ku Igatpuri.

Masiku amenewo anyamata ndi atsikana ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka anali kuyendayenda m'India, ndipo ena anakhala pa mapazi ace. Joseph Goldstein ndi Sharon Salzberg atabwerera kwao anagwirizana ndi Jack Kornfield, natsegula nyumba yao ku Barre, Massachusetts, mu 1976. Goenka mwini wace anayamba kuphunzitsa ku maiko a Azungu mu 1979. Anamwalira mu 2013.

Cinam'bvuta Goenka ndi ici: kodi cinthu cofalikira cotero sicidzasukuluka? Cifukwa cace anaika malamulo olimba. Wophunzira akhale masiku 10, osalankhula pa masiku 9 oyamba, adzuke 4 koloko m'mamawa, ndipo asalipire kanthu. Cakudya ndi pogona zimacokera ku mphatso za amene anaphunzira kale.

Omtsata amakhulupirira kuti njirayi inadza kucokera kwa Buddha yosaduka, mphunzitsi kupatsira wophunzira. Akatswiri ena a mbiri amati inali itafooka, ndipo inatsitsimutsidwa ku Burma m'zaka mazana awiri kapena atatu zapitazi. Koma onse amabvomerezana kuti inafika kutali cifukwa mmonke anaipereka kwa mlimi, mlimi kwa wa nchito ya Boma, ndipo iyeyo kwa mlendo.