Masewero Osakalamba: Kuchokera ku Chikwakwa Kufika m'Makomboni a Lusaka

Masewero amene aphunzitsi amawatcha osakalamba ndi akaledi. Sophocles analemba Antigone ku Athens zaka zoposa 2,400 zapitazo, Julius Caesar wa Shakespeare anaonetsedwa ku London cha mu 1599, ndipo mu 1836 Nikolai Gogol ananyogodola akuluakulu a boma la Russia ndi The Government Inspector. Onsewa ankalembera khamu lobwera kudzaonerera, ndipo palibe mwa iwo amene ankaganiza za mwana wolemba mayeso. Kuno kwathu, m'masiku a Northern Rhodesia, masewero otere analowa ndi njira ziwiri. Ina inali ya m'kalasi, pasukulu ngati Munali yomwe inayamba mu 1939, kumene ana ankaloweza Shakespeare pokonzekera mayeso a Cambridge. Ina inali ya makalabu a azungu ku Lusaka ndi ku Copperbelt, omwe mu 1952 anapanga bungwe lawo la Northern Rhodesia Drama Association. Munthu wakuda kumeneko ankalowako kukasesa. Zisudzo zake zinali kwina: gule wamkulu kudambwe, kalela kumigodi, nthano madzulo pamoto.

Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ine ndimakhulupirira kuti zisudzo zonse zimene timaona lero m'masukulu ndi m'makomboni mizu yake ili pamenepo. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Pasanapite nthawi kunabwera mphunzitsi wachinyamata, Michael Etherton, yemwe pamodzi ndi anzake monga Andrew Horn ndi Fay Chung sanafune kuti ophunzira azingowerenga masewero ali chikhalire. Ophunzirawo anavula majekete n'kumanga okha bwalo la zisudzo ku Chamba Valley, lapamtetete, lopanda denga ngakhale makatani, n'kulitcha Chikwakwa. Ganizo lake linali losavuta kumva: ngati anthu wamba sangalowe mu Lusaka Playhouse, sewero lituluke likawapeze, ndipo liyankhule chilankhulo chawo, ng'oma ndi nyimbo zili momwemo. Mu 1970, atsogoleri a mayiko osakondera mbali atasonkhana ku Mulungushi, ophunzira anaonetsa Che Guevara, sewero la Mario Fratti. Anaonetsanso sewero la Andreya Masiye lonena za Mwata Kazembe ndi Apwitikizi, limene linasindikizidwa mu 1973 pa mutu wakuti The Lands of Kazembe.

Chachikulu kuposa bwalolo chinali maulendo. Patchuthi ophunzira ankakwera galimoto kupita kuzigawo, n'kukagona pasukulu ya sekondale. Kumeneko ankaphunzitsa ana kachitidwe ka zisudzo, n'kukonza nawo sewero m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga kapena Chilozi, kenako n'kukalionetsa kumidzi yozungulira. Ana amenewo ena anadzakhala aphunzitsi, nawonso n'kuyambitsa magulu a zisudzo m'masukulu mwawo. Boma silinachedwe kuona kuti ntchitoyi ili ndi mano. Mu 1971, ophunzira atachita zionetsero zokwiya ndi dziko la France pogulitsa zida ku South Africa, yunivesite inatsekedwa ndipo Etherton ndi Horn anathamangitsidwa m'dziko.

Mabuku ambiri akamakamba za Chikwakwa amatamanda Etherton, ndipo sindikumulanda ulemu wake. Koma munthu amene wagwira ntchitoyi zaka zochepa n'kupirikitsidwa sangakhale mwini mbiri yonse. Amene anaigwira ntchitoyi mpaka kuikhazika ndi eni nthaka. Kabwe Kasoma anatenga nkhani ya Kenneth Kaunda ya m'buku la Zambia Shall Be Free n'kupanga masewero atatu a Black Mamba, ndipo mu The Fools Marry anaika pabwalo moyo wa mabanja a kumigodi. Masautso Phiri ndi anzake a Tikwiza Theatre, yomwe inayamba mu 1975, anatenga sewero lawo la Soweto n'kupita nalo kuchikondwerero cha FESTAC ku Lagos mu 1977. Chaka chomwecho cha 1975 kunabadwa ZANTAA, bungwe la anthu amene anatopa ndi kuweruzidwa ndi muyeso wa makalabu a azungu. Stephen Chifunyise, mwana wa ku Zimbabwe, analemba masewero a pawailesi yakanema asanabwerere kwawo. Ndipo ndikadakhala ine wogawa mphoto, ndikadaitananso Julius Chongo, yemwe sanali wa kuyunivesite koma ndi pulogalamu yake ya pawailesi ya Poceza M'madzulo anaphunzitsa Lusaka yonse kumvetsera munthu mmodzi akusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi chitsiru. Omvera amene Chikwakwa inawapeza m'makomboni anali atakonzedwa kale ndi wailesi.

Pa onsewa, amene ndimamuika patsogolo ndi Mapopa Mtonga. Mu 1974 boma, ndi ngongole ya World Bank, linayamba ntchito yokonza makomboni monga Chawama ndi George: misewu, mipopi ya madzi, ndi kusamutsa nyumba zina kuti msewu udutse. Anthu anali ndi mantha, poti anazolowera kuti boma likabwera mukomboni labwera kudzagwetsa. Mtonga ndi Youngson Simukoko anakonza sewero lakuti Chawama! Chawama!, lodzaza ndi nyimbo ndi magule, lofotokoza nkhaniyo kwa eni ake pabwalo lawo lomwe. Wina anganene kuti limenelo linali sewero la boma lofuna kunyengerera anthu, ndipo akunena zoona ndithu. Komabe linatsimikiza kuti anthu a mukomboni angathe kuima padzuwa maola akutsata sewero, kuseka, kutsutsa, ngakhale kukalipira wochita zisudzo ngati wanama. Patapita zaka, achinyamata osowa ntchito a ku Kanyama anapanga gulu lawo, Kanyama Theatre Production Unit, n'kumadya za zisudzo, kuyendayenda mpaka kunja kwa dziko. Ku Malawi nako moto unali womwewo: mpikisano wa zisudzo wa masukulu wa ATEM ndi Travelling Theatre ya ku Chancellor College, kumene David Kerr, yemwe anaphunzitsaponso ku Lusaka, anakagwira ntchito.

Tsono masewero akale aja akulowa pati? Alipo ena amene amati m'badwo wa Chikwakwa unataya Shakespeare ndi anzake. Ine ndimati unawapulumutsa, chifukwa unatikumbutsa kuti sewero ndi lochita, osati loloweza. Tengani la Gogol. Kalaliki wamba wopanda khobidi, Khlestakov, afika m'tauni ina, ndipo akuluakulu akumeneko, poganiza kuti ndi woyendera ntchito za boma, ayamba kumupatsa ziphuphu wina ndi wina, meya mpaka kumulonjeza mwana wake wamkazi. Munthu amene anaonapo msewu ukukwiriridwa maenje usiku chifukwa mawa kukubwera bwana safunika kumasuliridwa. The Lion and the Jewel la Wole Soyinka, loonetsedwa koyamba ku Ibadan mu 1959, likukamba za mphunzitsi Lakunle wokana kupereka lobola kwa Sidi ponena kuti n'zachikale, mpaka mfumu yokalamba Baroka kumulanda namwaliyo. Mkangano umenewo ukadali wamoyo m'minibasi za ku Mtendere. Antigone ndi mtsikana amene akuti mlongo wake aikidwe m'manda ngakhale mfumu yaletsa. Anthu amene amasiya msika ndi ntchito kuti akaperekeze mnansi kumanda a ku Chingwere amamumvetsa kuposa wolemba mayeso aliyense. Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anadziwa zimenezi pamene mu 1973 anaika Antigone m'kamwa mwa akaidi awiri a ku Robben Island m'sewero la The Island.

Vuto la lero lili m'kalasi. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, masukulu a ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George adzaza thothotho, ndipo zimenezo n'zokondweretsa, koma mabuku sanachuluke molingana ndi ana. Mphunzitsi wa Literature amakakamizika kulemba chidule cha sewero pabolodi, ana n'kukopera mayina a anthu a m'seweromo ndi makhalidwe awo, kuti akawabweze kwa a Examinations Council of Zambia. Chodabwitsa n'chakuti ana omwewo akaweruka amathamangira kukalabu ya zisudzo kukonzekera mpikisano wa masukulu wa NASAAZ, ndipo kumeneko amaloweza mawu ambirimbiri popanda wowakakamiza. Ena Loweruka ali ku Africa Directions ku Mtendere, ena ali ndi a Barefeet Theatre, omwe kuyambira 2006 akhala akuchita zisudzo ndi ana a m'misewu. Luso lilipo, koma limakhala kutsidya la mpanda ndi buku la mayeso.

Julius Nyerere, ali ndi dziko lonse pamapewa, anapeza nthawi yomasulira Julius Caesar m'Chiswahili n'kulitulutsa mu 1963. Mphunzitsi wa ku Kalingalinga, pafupi penipeni ndi yunivesite imene inabala Chikwakwa, safunika kumasulira sewero lonse. Gawo limodzi ndi lokwanira: madesiki akankhidwire kukhoma, mnyamata wolongolola uja wakumbuyo akhale Khlestakov, anzake afole kudzamupatsa ziphuphu m'Chinyanja cha mukomboni, ndipo mawa lake atsegule bukulo m'Chingerezi aone zimene Gogol analemba.