Cahora Bassa: Nyanja Yopangidwa ndi Manja a Anthu

Abale ndi alongo otsogolera makalasi, ife a ku Lichinga timamwa madzi a m'damu laling'ono la Locumue, koma magetsi amene timawerengera usiku amacokera ku damu lalikulu la Cahora Bassa, m'cigawo ca Tete. Ophunzira athu ayenera kudziwa mbiri yake.

Dzinali ndi la Cinyungwe, ndipo amalimasulira kuti "nchito yatha". Kale opalasa mabwato pa Zambezi akafika pa mathithi a pamenepo, ulendo unkathera pomwepo. Ngakhale sitima ya David Livingstone inalephera kudutsapo mu 1858.

Apwitikizi anayamba kumanga damuli pafupi ndi Songo mu 1969, nkhondo ya ufulu ili mkati. Khoma lake ndi lotalika mamita 171. Kumapeto kwa 1974 anatseka mtsinje, madzi n'kubwerera m'mbuyo mpaka ku Zumbo, mtunda wa makilomita ngati 250. Anthu zikwizikwi anasamutsidwa, ambiri mokakamizidwa, kupita ku midzi ya aldeamento. Madimba awo ndi manda a makolo awo zinamira. Magetsi ambiri ankagulitsidwa ku South Africa, ndipo dziko lathu linatenga ulamuliro wa damuli mu 2007.

Tsono pa nyanjayo pamabwera alendo ocokera ku Zimbabwe ndi South Africa, ndi maboti a injini, kudzawedza nsomba ya mano akuthwa imene iwo amati tigerfish. Ambiri akaigwira amaiyeza, amaijambula, basi n'kuibwezera m'madzi. Kwa iwo ndi masewera. Usiku maboti ena amakopa kapenta ndi nyali. Kansombaka kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, kanatsikira kuno kudzera ku Kariba. Koma kusambira mwacisawawa ayi, pakuti ng'ona ndi mvuu n'zambiri.

Kusangalala ndi madzi si chimo, poti Mulungu ndiye anatipatsa. Komabe wosewera pamwamba pa madzi adziwe kuti pansi pake pali mudzi wa munthu wina.

Conco ndikukupemphani: sabata ino ophunzira afunse akuluakulu za Locumue kapena citsime ca kwawo. Anakumba ndani? Panali munda wa yani? Alembe mizere isanu, adzawerenge m'kalasi, akuluakuluwo akadali moyo.